Kukaona maluwa a m'mapiri ozizira ku Ulaya: mwezi wake, munda wake ndi kaonedwe kake

Munthu wofuna kukaona maluwa a m'mapiri ozizira ku Ulaya ayambe wayang'ana kalendala, mapu abwere pambuyo. Zomera zimenezi kwawo n'kumwamba kwenikweni, kupitirira pamene mitengo imalekezera, ndipo zambiri zimachita maluwa masabata awiri kapena atatu okha pa chaka. Mukaphonya masabata amenewo mukapeza miyala ndi timasamba basi, ndalama ya ulendo itapita. Malangizowa ndi a inu amene mukukhala ku Britain, kapena amene mukukonza zokachezera abale kumeneko pakati pa Febuluwale ndi Meyi. Minda ya ku London ndi ku Edinburgh ili ndi zomera zochokera m'mapiri a dziko lonse, ndipo munthu amazifikira pa basi kapena pa sitima, osakwera phiri n'limodzi lomwe.

1. Sankhani mwezi

Munthu akamakwera phiri, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse. Amene anagonapo pamwamba pa Mulanje kapena ku Nyika mwezi wa Juni sasowa kuuzidwa zimenezi. Ku Ulaya kusiyanaku n'kwakukulu zedi. Mu Epulo anthu a m'mizinda amakhala atayamba kuvula majekete, pamene pamwamba pa mapiri a Alps nthaka idakali yokwiririka ndi chipale chofewa. Duwa lomwe ku London limamasula mu Epulo, kwawo kuphiri limadikira Juni kapena Julayi.

N'chifukwa chake muyenera kusiyanitsa minda yamitundu iwiri. Ilipo minda ya pamwamba pa mapiri penipeni, monga wa Schynige Platte ku Switzerland, umene unatsegulidwa mu 1929 pamalo okwera mamita pafupifupi 2,000, ndi wa Lautaret ku France, umene unayamba mu 1899 ndipo uli pa mamita 2,100. Mindayi ndi yokongola kwabasi, koma imatsegula mu Juni. Mukapita mu Epulo mukapeza chipata chili chotseka, ndipo sitima yokwera ku Schynige Platte kuchokera ku Wilderswil imakhala isanayambe n'kuyenda komwe. Ndiye pali minda ya m'mizinda, kumene anayala miyala mwaluso n'kumanganso nyumba zagalasi zosungiramo zomera za m'mapiri. Imeneyi ndiyo ya Febuluwale mpaka Meyi.

Ngakhale m'miyezi inayi imeneyi, mwezi uliwonse uli ndi zake. Kuyambira Febuluwale mpaka pakati pa Malichi, panja zoona zimakhala zochepa, koma m'nyumba yagalasi mumakhala mutadzaza: Dionysia wa m'mapiri a Iran ndi Afghanistan, Primula allionii wa m'matanthwe a m'malire a France ndi Italy, Iris reticulata, Crocus, Cyclamen coum ndi mitundu ing'onoing'ono ya Saxifraga. Kumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo maluwa amayamba kutulukira panja. Apa m'pamene mumaona Pulsatilla wa ubweya uja, Fritillaria, Narcissus wamfupi, ndipo chakumapeto kwa mweziwo Gentiana acaulis, amene buluu wake sindinamuonepo pa duwa lina lililonse. Mu Meyi miyala imakutidwa ndi Lewisia wa ku North America, Phlox, Dianthus ndi Saxifraga wa masamba otuwa. Kumapeto kwa Meyi ndi kumayambiriro kwa Juni, ku Edinburgh kumamasula Meconopsis wabuluu wa ku Himalaya.

Ngati muli ndi mpata umodzi wokha, ine ndikanati pitani pakati pa Epulo. M'nyumba yagalasi mumakhala mudakali zoona, panja payamba kukongola, ndipo dzuwa limalowa mochedwa chifukwa mawotchi amakhala atasinthidwa Lamlungu lomaliza la Malichi. Kumbukirani kuti chisanu chikachedwa kutha, maluwa onse amachedwanso ndi sabata imodzi kapena awiri, komanso kuti ku Edinburgh nyengo imatsalirako m'mbuyo poyerekeza ndi ku London.

2. Sankhani munda, ndipo musachulutse

Munda umodzi pa tsiku. Iwiri ndi kuthamanga chabe.

Munda wa Kew ndiwo wosavuta kufikako kwa munthu amene ali ku London: sitima ya District line imakusiyani pa siteshoni ya Kew Gardens, n'kuyenda pang'ono kukafika pachipata. Polowa pamalipidwa. Munda wake wa miyala unayamba mu 1882, ndipo zomera anazigawa malinga ndi kumene zimachokera, moti mukamayenda mumachoka ku mapiri a ku Ulaya, kulowa a ku Asia, kukatulukira ku America. Pamapeto pake pali Davies Alpine House, nyumba yagalasi imene inatsegulidwa mu 2006. Ndi yaing'ono pansi koma yaitali mamita 10, ndipo anaitalikitsa dala kuti mpweya wotentha uzikwera n'kutulukira pamwamba. Pansi pa nthaka pali ngalande za konkire m'mene mpweya umadutsa n'kuzizira, kenako umatulukira m'mapaipi n'kumawomba pa zomera. Mukafika imani pafupi ndi paipi imodzi, mudzaumva pa dzanja.

Wisley ali ku Surrey, ndipo ndi munda wa bungwe la Royal Horticultural Society. Kufikako kumafuna sitima mpaka ku Woking, kenako basi kapena takisi. Miyala yake anaiyala pamalo otsetsereka cha m'ma 1911, madzi akutsika pakati pake. Pafupi pomwepo pali kapinga amene kumapeto kwa Malichi ndi kumayambiriro kwa Epulo amasanduka wachikasu ndi timaluwa ta Narcissus bulbocodium. Kumtunda kuli nyumba zagalasi, ndiponso malo ena amene miyala yafulati anaiimika chammbali mothinana, zomera n'kumera m'mipata yake. Kayalidwe kameneka anakatchukitsa alimi a maluwa a ku Czech Republic, ndipo kamakakamiza mizu kulowa pansi kwambiri kumene kuli kozizira.

Cambridge ndi wabwino kwa amene sakufuna kuyenda kwambiri. Munda wa yunivesite uli pafupi ndi siteshoni ya sitima, ndipo uli ndi miyala ya laimu m'mbali mwa dziwe.

Koma amene angathe, apite ku Edinburgh. Sitima yochokera pa siteshoni ya King's Cross ku London imatenga maola pafupifupi anayi ndi theka. Royal Botanic Garden Edinburgh unayamba mu 1670, uli ku Inverleith, ndipo kulowa m'mundamo n'kwaulere. Kwa ife uli ndi mbiri inanso: mbande za khofi zimene zinafika ku mishoni ya Blantyre mu 1878 zinachokera m'munda umenewu. Nyengo ya ku Scotland, yozizira ndi yachinyezi ngakhale m'miyezi yadzuwa, imagwirizana ndi zomera za ku Himalaya ndi kumadzulo kwa China kuposa ya kumwera kwa England, ndipo n'chifukwa chake Primula, Meconopsis ndi Rhododendron wamfupi amakondwa kumeneko. Munda wa miyala uli pafupi ndi chipata cha kum'mawa, cha pa Inverleith Row. Nyumba za zomera za m'mapiri zili mbali ina, choncho tengani mapu pachipata. Nyumbazi zilipo ziwiri: yakale, m'mene miphika ya maluwa imaikidwa mumchenga, ndi yatsopano, imene ili ndi khoma la mwala wofewa wa timabowo wotchedwa tufa, zomera zikumera m'mwalamo chopingasa monga zimachitira pa thanthwe kwawo. Panja pake pali zomwera ziweto zakale zosema pamwala, zimene anazisandutsa timinda ting'onoting'ono. Musazidutse mofulumira. M'chomwera chimodzi mukhoza kukhala zomera zamitundu khumi.

3. Konzani mapepala nthawi idakalipo

Nzika za Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique zimafunika viza kuti zilowe m'Britain, ndipo ya alendo munthu angathe kuipempha kutatsala miyezi itatu kuti anyamuke. Ngati mukufuna kukakhala kumeneko mu Epulo, yambani mu Januwale. Viza ya Britain sikulowetsani ku France, Switzerland, Germany kapena Sweden. Kumeneko pamafunika viza ya Schengen, imene ndi imodzi yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, ngakhale kwa munthu amene ali ndi chilolezo chokhala m'Britain koma pasipoti yake ndi ya kwathu. Ya Schengen imapemphedwa kuyambira kutatsala miyezi isanu ndi umodzi.

Matikiti a sitima za ku Britain amatsika mtengo mukagula msanga pa intaneti. Pewani masiku a Pasaka ndi tchuthi cha ana asukulu ngati mungathe, chifukwa tinjira ta m'minda ya miyala n'topapatiza, ndipo m'nyumba yagalasi anthu khumi amadzaza.

4. Kutatsala sabata, fufuzani zimene zamasula

Minda yonseyi ili ndi masamba a pa intaneti, ndipo imaika zithunzi pa Facebook ndi Instagram. Onani zithunzi za masiku omwewo, osati za chaka chatha. Onaninso ngati nyumba yagalasi ili yotsegula, chifukwa nthawi zina imatsekedwa pokonza, komanso minda imatseka kukakhala mphepo yamkuntho. Nyumba zagalasi kawirikawiri zimatseka chipata chachikulu chisanatseke.

5. Zovala ndi zonyamula

Epulo wa ku Britain amasintha kangapo pa tsiku. Valani zovala zingapo zopepuka zosanjikiza, pamwamba jekete losalowa madzi. Ambulera imasokoneza m'tinjira topapatiza. Nsapato zikhale zafulati zogwira pansi, chifukwa miyala yonyowa imaterera. Musaganize kuti m'nyumba yagalasi mukafunda: mmenemo mumazizira chimodzimodzi ndi panja.

M'chikwama ikanimo kabuku ndi pensulo, chifukwa bolopeni imakana pa pepala lonyowa. Ikanimonso pulasitiki kapena kansalu kogwadira, ndi kagalasi kokulitsira zinthu kakhumi, kamene kamagulitsidwa motchipa. Kagalasi kameneka ndiko kamasintha ulendo wonse.

6. Pa tsikulo, yambirani m'nyumba yagalasi

Fikani chipata chikangotsegulidwa, mulunjike kunyumba yagalasi anthu asanachuluke. Musanayang'ane duwa, yang'anani nyumbayo. Mawindo ali otsegula, mphepo ikudutsa, ndipo mulibe chotenthetsera. Ntchito ya denga lagalasi ndi kutchinga mvula. Kwawo kuphiri zomerazi zimagona miyezi yambiri pansi pa chipale chofewa, pamene pamakhala pouma ndipo kuzizira sikusinthasintha. Ku Britain nyengo yozizira ndi yamvula, madzi amakhazikika pakati pa masamba, chomera n'kuwola. Chimene chimapha zomerazi ndi chinyezi, osati chisanu. Mukadziwa zimenezi, zonse zimene muziona zimveka: timiyala tothiridwa m'khosi mwa chomera chilichonse kuti madzi asakhalepo, miphika yadothi yokwiriridwa mumchenga kuti mizu izizizira, dothi lodzaza ndi miyala yophwanyika.

Miphika imene mukuionayo simakhalitsa pamenepo. Kuseri kuli nazale yaikulu imene alendo salowamo, ndipo ogwira ntchito amasankha zimene zamasula n'kuzibweretsa, zofota n'kuzibweza. Choncho amene akukhala pafupi apite kawiri, mu Malichi ndi kumapeto kwa Epulo. Adzapeza nyumba yomweyo, maluwa ena.

Panja mutuluke chakumasana. Crocus, Gentiana ndi maluwa ena ambiri amatseka kukakhala mitambo kapena kukazizira, n'kutsegula dzuwa likawala. M'mamawa kwambiri mukhoza kudutsa pamalo odzaza maluwa osazindikira. Yendani munda wa miyala kawiri, ulendo wachiwiri mobwerera, chifukwa mbali ya mwala yoyang'ana kumpoto imakhala ndi zomera zina, zokonda mthunzi, zimene simunazione popita. Kumbukirani kuti kumeneko dzuwa limadutsa chakumwera, ndiye mthunzi uli kumpoto.

7. Gwadani

Apa m'pamene pagona ulendo wonse. Zomera zambiri za m'mapiri sizipitirira masentimita 10 kutalika. Munthu woimirira amangoona kadontho ka mtundu pamwala n'kupitirira. Yalani kapulasitiki kanu m'njira, gwadani, maso afike pafupi.

Yambani ndi kaumbidwe ka chomera. Dionysia, Androsace ndi Draba amamera mothinana, timasamba zikwizikwi titaumbana n'kupanga chinthu chozungulira pamwamba ngati mtanda wa nsima. Kaumbidwe kameneka n'kodzitetezera. Mphepo imangodutsa pamwamba osagwira kanthu, mkati mumasunga chinyezi, ndipo dzuwa likawala mkatimo mumafunda kuposa mpweya wa panja. Chomera chotere chimakula pang'onopang'ono kwambiri, moti chimene chadzaza mphika waukulu chatenga zaka zambiri m'manja mwa munthu wosamala. Dontho la madzi lokhazikika pamwamba pake nthawi yozizira likhoza kuyambitsa kuwola.

Kenako tulutsani kagalasi. Pa Saxifraga wa masamba otuwa mudzaona timadontho toyera tondondozana m'mphepete mwa tsamba: ndi laimu amene chomeracho chimatulutsa limodzi ndi madzi kudzera m'timabowo, madzi n'kuuma, laimu n'kutsala. Pa Primula auricula pali ufa woyera pamasamba ndi pamaluwa, umene umachoka ukangokhudzidwa, choncho manja akhale kutali. Pa Pulsatilla, tsinde ndi kunja kwa duwa kuli ubweya wosalala umene umawala dzuwa likakhala kuseri kwake. Onaninso kukula kwa duwa poyerekeza ndi chomera. Gentiana acaulis masamba ake ali pansi penipeni, koma duwa lake ndi lalitali masentimita 5 kapena kuposa. Kuphiri nyengo ndi yaifupi, tizilombo tonyamula mungu n'tochepa, ndiye duwa liyenera kuonekera patali.

Werengani kachikwangwani ka chomera chilichonse chimene chakukopani. Mawu awiri achilatini ndiwo dzina lake: loyamba ndi la gulu, lachiwiri ndi la mtundu. Dzina lina likakhala m'kati mwa tizizindikiro tiwiri tam'mwamba, monga 'chakuti', ndiye kuti chomeracho anachisankha kapena kuchipanga ndi alimi. Chizindikiro cha × chikusonyeza kuti ndi chobadwa pokwatitsa mitundu iwiri. Pamakhalanso dziko kapena mapiri kumene chimachokera, ndi nambala yaitali. Ku Kew ndi ku Edinburgh manambala anayi oyambirira ndi chaka chimene chomeracho chinalowa m'mundamo, ndipo nthawi zina mudzapeza kuti kachitsamba kofika m'kakolo kali ndi zaka zambiri kuposa inu.

Funafunani za ku Africa, zilipo. Rhodohypoxis, kaduwa kapinki kapena koyera kamene kamayamba mu Meyi, kwawo ndi kumapiri a Drakensberg ku South Africa ndi Lesotho. Helichrysum milfordiae ndi wa komwekonso, ndipo abale ake a gulu la Helichrysum ali mbwee ku Nyika ndi pa Mulanje. Zimandikhudza kuona chomera cha kumwera kwa Africa chili ndi kachikwangwani kake, munthu akuchisamalira tsiku ndi tsiku, pamene za m'mapiri athu timazipondaponda osadziwa n'dzina lomwe.

Pojambula, tsitsani foni ifike msinkhu wa duwa, ndipo mukangojambula duwa jambulaninso kachikwangwani kake nthawi yomweyo. Mukapanda kutero, madzulo mudzakhala ndi zithunzi zambiri zopanda mayina. Mitambo yopepuka imatulutsa mtundu bwino kuposa dzuwa lowala kwambiri, makamaka pa maluwa abuluu. M'kabuku lembani dzina, tsiku, ndi pamene chomeracho chinamera: padzuwa kapena pamthunzi, mumng'alu wa mwala kapena pamiyala yophwanyika.

Mukaona wogwira ntchito akupalira kapena kuthirira, mupatseni moni, mufunse chimene chamasula bwino sabata imeneyo. Ambiri amasangalala kufunsidwa, ndipo adzakulozerani kachomera kobisika kuseri kwa mwala kamene simukanakapeza nokha.

8. Musathyole, musatole njere, musakwere miyala

Zomera zambiri m'minda imeneyi zinatengedwa kutchire ndi chilolezo, zili m'kaundula, ndipo zina n'zosowa ngakhale kwawo. Kanthambi kamodzi kothyoledwa pa chomera chothinana kamasiya bala lolowera matenda. Ana muwagwire dzanja, chifukwa kwa iwo miyala ija ndi yokwera, ndipo phazi limodzi limafafaniza chomera cha zaka khumi.

Za kunyamula zomera kupita nazo kwathu, ndikukulangizani kuti muzisiye. Kudutsa malire ndi chomera chamoyo kumafuna chilolezo cholowetsera ndi satifiketi yosonyeza kuti chilibe matenda, ndipo ngakhale pakati pa Britain ndi mayiko a European Union satifiketi yotereyi imafunika. Cyclamen ndi Galanthus ali pa mndandanda wa pangano la CITES loteteza zamoyo zosowa. Kuwonjezera apo, zomerazi zimafuna miyezi ya chisanu kuti zimasule, ndipo kutentha kwa Okutobala ku Lilongwe kapena ku Chipata sizingakupirire. Amene akukhala ku Britain, iwo agule pa sitolo ya pamunda pomwepo kapena kwa alimi a nazale. Poyambira pabwino ndi Sempervivum kapena Saxifraga wamba mumphika wa mabowo pansi, dothi losakaniza ndi timiyala theka ndi theka, panja pakhonde osati m'nyumba.

9. Ngati tsiku likulola, pitani ku chionetsero

Bungwe la Alpine Garden Society, limene linayamba mu 1929, ndi la Scottish Rock Garden Club, la mu 1933, amachititsa zionetsero m'matauni osiyanasiyana m'miyezi imeneyi, kawirikawiri Loweruka, m'maholo a sukulu kapena a m'dera. Masiku ndi malo amalembedwa pa masamba awo a pa intaneti. Kumeneko anthu wamba amabweretsa miphika imene alera kunyumba kwawo kuti ipikisane, ndipo nthawi zina mumaona Dionysia kapena Primula womasula mpaka tsamba losaoneka n'limodzi lomwe, kuposa wa m'minda ikuluikulu. Holo ya chionetsero imatsegulidwa oweruza akamaliza ntchito yawo, chakumasana, ndipo imatseka dzuwa likadali pamwamba, choncho musafike mochedwa. Alimi a nazale amagulitsa mbande pomwepo, ndipo zosowa zimatha msanga. Tengani ndalama ya m'manja pang'ono ndi kabokosi kafulati konyamulira miphika kuti isagubuduke m'sitima.